Zoikiratu pa Kompyuta Yojambulira Nyimbo m'Masitudiyo a ku Lusaka

Zoikiratu ndi mapulogalamu komanso makonzedwe amene munthu amawapeza ali kale m'kompyuta akangoiyatsa koyamba, asanasinthe kalikonse. Pa kompyuta yojambulira ndi kusakaniza nyimbo, zimenezi ndi monga pulogalamu yojambulira, njira imene mawu amadutsamo kuchoka pa maikolofoni kukafika pa disiki, liwiro lojambulira, ndiponso zimene makinawo amachita magetsi akathima mwadzidzidzi. Anthu ambiri sasintha zimene apeza, motero amene wasankha zoikiratu amakhala atasankhiratu mmene nyimbo zambiri zidzamvekere. Osankhawo ali pawiri. Pali opanga operating system, monga a Microsoft, a Apple ndi magulu odzipereka a Linux, ndipo pali amisiri amene amaikira anthu mapulogalamu. Ku Lusaka gulu lachiwirili ndilo lili ndi mphamvu, chifukwa laputopu yogula kwa ogulitsa a m'tauni, cha ku Cairo Road, Cha Cha Cha Road kapena Freedom Way, nthawi zambiri imafika kunyumba mmisiri ataikamo kale zonse.

Mbiri yake

Kujambula mawu mu mzindawu kunayamba ndi wailesi. Siteshoni ya boma inayamba kuulutsa mawu mu 1941, ndipo pambuyo pake inakula n'kukhala Central African Broadcasting Service, imene inkamveka mpaka ku Nyasaland. Kumeneko ndi kumene kunkagwira ntchito Alick Nkhata, woimba ndi muulutsi amene dzina lake linapatsidwa ku msewu umene pali Mass Media Complex, likulu la wailesi ya boma ya ZNBC. M'zaka za m'ma 1970, nthawi ya nyimbo za Zamrock, magulu monga WITCH ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi ankajambula ku dB Studios mu Lusaka momwemo kapena kupita ku Nairobi, ndipo mbale zinkadindidwa ndi kampani ya Teal ku Ndola. Masiku amenewo woimba analibe chosankha, zonse zinali m'manja mwa injiniya ndi makina ake a tepi.

Zinthu zinasintha chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Radio Phoenix inatsegulidwa mu 1996, Chisha Folotiya anayambitsa Mondo Music mu 1999, ndipo kompyuta inayamba kulowa m'malo mwa tepi. Lero situdiyo ikhoza kukhala chipinda chogona m'mafulati a ku Kabwata, galaja ku Chelstone, kapena kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi ku Woodlands. Ma producer ambiri amagwiritsa ntchito Windows pamodzi ndi FL Studio ya kampani ya Image-Line ya ku Belgium, kapena Cubase ya Steinberg ya ku Germany. Amene ali ndi ndalama amagula Mac n'kugwiritsa ntchito Logic Pro kapena Pro Tools.

Ma operating system okonzedwera mawu

Windows ndi macOS sizinapangidwire oimba okha. Koma mwa mitundu ya Linux mulipo ina imene inakonzedwa mwapadera kuti ikhale yojambulira, monga Ubuntu Studio, AV Linux ndi Fedora Jam. Ubuntu Studio inatuluka koyamba mu 2007, ndipo mbiri yake imasonyeza bwino mmene kusankha zoikiratu kumavutira. Inayamba ndi desikitopu ya GNOME, mu 2011 inasamukira ku Xfce imene ndi yopepuka, kenako mu 2020 inatenga KDE Plasma. Kusintha kulikonse kunali ndi okondwa ndi odandaula, chifukwa chimene chimakomera mwini kompyuta yatsopano chimalemetsa makina akale.

Nkhaniyi yafika pakhomo ku Lusaka chifukwa Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, pamene Windows 11 imafuna kachipangizo ka TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko, zimene malaputopu ambiri akaunjika alibe. Mwini makina otere atsala ndi njira zitatu: kupitiriza ndi Windows 10 koma osailumikiza ku intaneti, kugula kompyuta ina, kapena kuyesa Linux. Posankha Linux, ndi bwino kutenga mtundu wa LTS, umene Ubuntu Studio imausamalira zaka 3, m'malo mwa umene umasintha miyezi 6 iliyonse. Situdiyo si malo oyeserera zatsopano kasitomala atalipira kale.

Njira ya mawu ndi kuchedwa kwake

Mawu akalowa mu soundcard sapita molunjika ku pulogalamu yojambulira, amadutsa kaye m'dongosolo la operating system. Pa Windows oimba amadalira ASIO, imene Steinberg inatulutsa mu 1997, ndipo amene alibe dalaivala ya soundcard yawo amathawira ku ASIO4ALL. Pa Mac pali Core Audio. Pa Linux pansi penipeni pali ALSA, pamwamba pake n'kubwera JACK, imene Paul Davis anayambitsa kuti mapulogalamu a nyimbo azitumizirana mawu mosachedwa. Kwa zaka zambiri JACK inkalimbana ndi PulseAudio, imene inkayendetsa mawu wamba a kompyuta, moti munthu ankatsegula pulogalamu yojambulira kenako n'kupeza kuti YouTube yakhala chete. PipeWire ya Wim Taymans inabwera kudzagwira ntchito za zonse ziwiri. Fedora inaiika kukhala yoikiratu mu 2021, ndipo Ubuntu Studio inatsatira mu 2023. Mu November 2024, kernel ya Linux 6.12 inalandira PREEMPT_RT, ntchito imene inatenga pafupifupi zaka 20, yothandiza kuti ntchito zofulumira monga za mawu zisamadikirire zinzake.

Chimene anthu amakangana kwambiri ndi kukula kwa buffer, ndiko kuti kuchuluka kwa timagawo ta mawu timene kompyuta imasonkhanitsa isanatikonze. Masamu ake ndi osavuta. Pa liwiro la 48,000 Hz, buffer ya 128 imachedwetsa mawu ndi mamilisekondi 2.7, ya 256 ndi 5.3, ndipo ya 1024 ndi 21.3. Popeza mawu amayenera kulowa ndi kutulukanso, kuchedwa kumene woimba amamva m'mahedifoni kumaposa kuwirikiza kawiri manambalawa. Mawu mumpweya amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, choncho mamilisekondi 10 ndi chimodzimodzi kuima mamita atatu ndi theka kuchokera pa sipika, mtunda umene woimba gitala pa siteji saudandaula. Buffer yaing'ono kwambiri imapanikiza purosesa, ndipo ikalephera kufika pa nthawi mumamveka kuthetheka kumene sikufufutika pa zimene zajambulidwa. Pa laputopu yakale, 256 ndi poyambira pabwino pojambula, 1024 posakaniza. Ma soundcard ofala monga Focusrite Scarlett ndi Behringer UMC ali ndi njira yomvera maikolofoni mwachindunji mawu asanalowe m'kompyuta, ndipo woimba akaigwiritsa ntchito vuto la kuchedwa limachepa kwambiri.

Pa liwiro, 44,100 Hz ndi ya CD, pamene 48,000 Hz ndi ya kanema ndi wailesi yakanema. Popeza nyimbo zambiri za masiku ano zimatuluka ndi vidiyo, 48,000 Hz ndi 24 bit ndizo zoyenera kuikiratu. Njira imodzi ya mawu pa muyezo umenewu imadya pafupifupi 8.6 MB pa mphindi, ndiye kwaya yojambulidwa ndi maikolofoni 8 kwa ola limodzi imadzaza zoposa 4 GB.

Magetsi

Apa ndi pamene zoikiratu zochokera kunja zimalephera kwambiri. Opanga ma operating system amaganizira munthu amene magetsi ake sathima, ndipo nkhawa yawo yaikulu ndi mamilisekondi. Ku Lusaka nkhawa yoyamba ndi yakuti zimene zajambulidwa zisatayike. Chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti ndi tsoka la dziko pa 29 February chaka chimenecho, chinatsitsa madzi a m'damu la magetsi la Kariba mpaka kampani ya magetsi ya ZESCO inayamba kugawa magetsi mosinthana, ndipo pofika September madera ambiri ankakhala ndi magetsi maola atatu okha pa tsiku. Nyumba za ku Kabulonga zimene zili ndi sola ndi inveta zinapitiriza ntchito, koma wa m'kachipinda ku Kabwata ankajambula usiku kapena nthawi iliyonse imene magetsi abwerera.

Zimenezi zimasintha kasankhidwe konse. Laputopu imaposa kompyuta ya padesiki chifukwa batire yake imapulumutsa ntchito magetsi akazima, ndipo soundcard yotenga mphamvu pa USB imapitiriza kugwira. Koma laputopu ikangoyamba kudalira batire, operating system imachepetsa liwiro la purosesa kuti isunge moto, ndiye kuthetheka kuja kumayamba woimba ali pakati pa vesi. Mmisiri wodziwa amaikiratu kuti purosesa izithamanga mofanana kaya pa batire kaya pa magetsi, amazimitsa kugona kwa makina ndi kwa madoko a USB, ndipo amalola kuti batire izitha msanga. Kusunga ntchito kwa pulogalamu payokha kumafunika kuikidwa pafupipafupi, mphindi ziwiri kapena zisanu. Ardour imalemba mawu molunjika m'mafayilo pa disiki ndipo ikatsegulidwanso imafunsa ngati munthu akufuna kubwezeretsa zimene zinasokonekera. Audacity, kuyambira mtundu wa 3.0 wa mu 2021, imasunga ntchito yonse m'fayilo imodzi, zimene ndi zosavuta kunyamula koma zimafuna kuti pakhale kope lina pa disiki yapadera. Disiki yogwirirapo ntchito ikhale ya ext4 kapena NTFS, zimene zimalemba kaundula wa zosintha, osati fulashi ya FAT32 imene imawonongeka msanga ndipo siilandira fayilo yoposa 4 GB.

Palinso phokoso. Magetsi a ku Zambia ndi a 230 V pa 50 Hz, choncho kung'ung'udza kobwera ndi mawaya kumakhala pa 50 Hz ndi pa 100, 150 ndi kupitirira. Zosefera zambiri zokonzedwera ku America zimabwera zitaloza pa 60 Hz, ndipo wosadziwa amadabwa kuti bwanji sizikuchotsa kanthu. Ma inveta otchipa ndi majenereta amawonjezera phokoso lawo, moti ena amachotsa chaja pojambula mawu a woimba.

Kudzikonza kwa makina kudzera pa intaneti nakonso kumayenera kuzimitsidwa. Mabandulo a MTN, Airtel kapena Zamtel ndi ndalama, ndipo kompyuta imene yayamba kudziyatsanso yokha pa maola ochepa amene magetsi alipo yadya tsiku lonse la ntchito.

Mapulogalamu

Ubuntu Studio imabwera ndi Ardour yojambulira ndi kusakaniza, Audacity yodulira mawu, Hydrogen ya ng'oma, Carla yolumikizira mapulagini, ndiponso OBS Studio ndi Kdenlive za kanema. Zonsezi ndi zaulere ndipo ndi zololedwa kukopera. Kwa wailesi ya sukulu ngati Hone FM ya pa Evelyn Hone College kapena UNZA Radio, komanso kwa tchalitchi chojambula ulaliki ndi kwaya, zimenezi ndi zokwanira ndithu. Kwa wopanga ma beat nkhani ndi ina. FL Studio ilibe mtundu wa Linux, ndipo ngakhale imatha kuyenda kudzera pa pulogalamu ya Wine, mapulagini ena amakana. Pulogalamu ya LMMS imafanana nayo pa kagwiritsidwe koma siifika pamenepo. Pulogalamu ya Reaper ili ndi mtundu wa Linux, ndipo laisensi yake ya munthu payekha ndi madola 60. Mapulogalamu obedwa ndi ofala, koma ndiwo khomo lalikulu la mavairasi, ndipo kompyuta imene mafulashi a makasitomala amalowamo tsiku ndi tsiku siichedwa kudwala.

Popeza nyimbo imodzi ikhoza kuyambira ku Chelstone, mawu n'kukajambulidwa m'tauni, kusakaniza n'kukachitikira ku Kitwe kapena ku Lilongwe, chofunika kwambiri si pulogalamu imene munthu wasankha koma mmene amatumizira ntchito. Fayilo ya FL Studio siitseguka mu Ardour kapena Cubase. Chimene chimatseguka paliponse ndi mafayilo a WAV, chida chilichonse pachokha, onse oyambira pa sekondi yofanana, liwiro la nyimbo litalembedwa pa dzina la foda.

Zoikiratu zimakhudzanso nyimbo yeniyeniyo, ndipo apa m'pofunika kusamala. Ardour imatsegula ntchito yatsopano pa 120 BPM ndi kayendedwe ka 4/4, ndipo mapulogalamu ambiri amachita zofanana. Kalindula ndi ng'oma zambiri za makolo zimayenda m'magawo atatuatatu, choncho wachinyamata akakokera ng'oma zake pa mizere ya magawo anayi, kuvinika kwake kumafa. Chimodzimodzinso Auto-Tune, imene Antares inatulutsa mu 1997, imakokera mawu ku manotsi 12 a piyano, pamene kalimba ndi silimba zimachunidwa mwa njira yawoyawo. Situdiyo yojambula nyimbo zotere imafunika kukhala ndi chiyambi chake chosungidwa, cha 6/8 kapena 12/8, chokokera manotsi chili chozimitsidwa.

Potulutsa nyimbo

Spotify, imene inafika ku Zambia mu February 2021, imalinganiza kukwera kwa nyimbo pa -14 LUFS, pamene muyezo wa EBU R128 wa nyumba zoulutsira mawu ndi -23 LUFS. Kukweza nyimbo mopanikiza kupitirira apo sikupindula kanthu pa Spotify, chifukwa imangotsitsidwa. Komabe anthu ambiri mu mzindawu amamvera nyimbo pa foni, pa kasipika ka Bluetooth kapena m'minibasi, MP3 yake itayenda pa WhatsApp, motero batani lomvera nyimbo mu mono liyenera kukhala pafupi pa njira yaikulu yotulutsira mawu. Mayina a nyimbo ndi a olemba alembedwe m'fayilo mwa UTF-8 kuti chilembo ngati ŵ chisasanduke mabokosi, ndipo akhale ofanana ndi amene alembetsedwa ku ZAMCOPS, bungwe lotolera ndalama za eni nyimbo m'dzikolo.