Bedi lokwezeka

Bedi lokwezeka: kadimba ka kuseri kwa nyumba komwe dothi losakaniza ndi manyowa limaunjikidwa m'kati mwa njerwa, mabuloko kapena matayala akale, kuti mbewu zimere pamwamba pa nthaka ya pabwalo.

M'makomboni a Lusaka, monga Kalikiliki pafupi ndi Mtendere, phindu lake lalikulu lagona pa madzi. Pabwalo pamakhala pothina, nthaka ndi yogogomezeka, ndipo mvula ya Disembala mpaka Malichi imasiya zithaphwi zosakanikirana ndi zotuluka m'zimbudzi zokumba. Bedi lokwezeka masentimita 30 limatsitsa madzi msanga, mizu osawola, masamba osakhudza matope. M'lifupi lisapitirire mita imodzi, kuti wolima afike pakati osaponda dothi. Repu, chayinizi, chibwabwa, kalembula, impwa, anyezi ndi matimati zimachita bwino. Papaya amafuna dzenje lakelake pambali.

Ena amati bedi lotere limauma msanga m'chilimwe, pomwe madzi ndi ogula pa chigubu. N'zoona, makamaka mu Okutobala, koma kuphimbira ndi udzu wouma ndi kuthirira madzulo ndi madzi otsukira ndiwo kumachepetsa vutolo. M'nyengo ya mvula, bedi likasefukira ndithu, ndiwo zake zidyedwe zophika, poopa kolera.

Onaninso: dimba, kompositi, nazale.