Dotolo wogontha amene ankamvetsera mtima ndi zala

Mwa ana 100 alionse obadwa padziko lino, pafupifupi mmodzi amabadwa ndi mtima wopangika molakwika. Ena vuto lawo limakhala laling'ono moti amakula mpaka kumera imvi osadziwa n'komwe. Koma alipo ena amene milomo, lilime ndi zikhadabo zawo zimabiriwira ngati za munthu wotsamwa. Mwana wotere akangoyenda pang'ono amapuma wefuwefu, kenaka n'kunyonyomala pansi kuti mpweya ubwerere. M'zaka za m'ma 1930 madotolo analibe chowachitira ana amenewa, ndipo ambiri sankafika pa msinkhu woti n'kukwatira. Mtima panthawiyo madotolo a opaleshoni ankauopa ngati kachisi.

Amene anathandiza kuthetsa mantha amenewa ndi mayi wina wa ku America, Dr Helen Taussig, yemwe sanagwirepo mpeni wa opaleshoni ya mtima ndi dzanja lake.

Mayi Taussig anabadwa mu 1898 ku Cambridge, m'chigawo cha Massachusetts. Bambo awo anali pulofesa wa zachuma pa Harvard. Mayi awo anamwalira ndi chifuwa chachikulu iwo ali ndi zaka 11, ndipo kusukulu kuwerenga kunkawavuta kwambiri chifukwa zilembo zinkawasokonekera m'maso. Atafuna kuphunzira udotolo, Harvard yomweyo imene bambo awo ankaphunzitsako inali isanayambe kulandira akazi pa maphunzirowo. Anakalowa pa Johns Hopkins mumzinda wa Baltimore, n'kumaliza mu 1927. Mu 1930 anawapatsa udindo woyang'anira kiliniki ya ana odwala mtima pachipatala chomwecho.

Apa m'pamene mwayi unaoneka ngati wawathawa. Makutu awo anayamba kugontha. Tangoganizani, abale, dotolo wa mtima wosamva! Chida chachikulu cha dotolo wotere nthawi imeneyo chinali kachipangizo koika m'makutu kaja. Iwo anadziphunzitsa kuika zala pachifuwa cha mwana n'kumamva kugunda ndi kunjenjemera kwa mtima kudzera m'nsonga za zalazo. Ankagwiritsanso ntchito makina a ekisire oonetsa mtima ukugunda, akumutembenuza mwanayo uku ndi uku. Mwana akamwalira, ankapita kukaona mtima wake kuti ayerekeze zomwe zala zinawauza ndi zomwe zinalidi m'kati. Ntchito yoswa mtima, koma m'menemo ndi momwe munachokera nzeru yonse.

Nzeruyo inali yotere. Ana ambiri obiriwira aja amakhala ndi nthenda yomwe dotolo wa ku France, Fallot, anaifotokoza mu 1888. Njira yotengera magazi kuchoka mumtima kupita m'mapapo imakhala yopapatiza, komanso pakhoma logawa zipinda ziwiri za m'munsi mwa mtima pamakhala chibowo. Choncho magazi ambiri amalambalala mapapo n'kubwerera m'thupi asanatenge mpweya wabwino. Tsono mwana aliyense akakhala m'mimba amakhala ndi kamtsempha kolumikiza mitsempha iwiri ikuluikulu yochoka mumtima, ndipo kamatsekeka kokha akangobadwa. Mayi Taussig anazindikira kuti ana odwala amene kamtsemphako kanachedwa kutsekeka ankakhalako bwino, ndipo kakangotsekeka ankayamba kubiriwira. Funso lawo linali lakuti: bwanji osawapangira kamtsempha kena?

Anakaonana ndi Dr Robert Gross wa ku Boston, amene mu 1938 anatchuka pomanga kamtsempha komweko mwa ana omwe kanakana kutsekeka. Gross sanachite nazo chidwi. Munthu wotchuka ndi kutseka khomo, n'kumuuza kuti aboole lina! Anawamvera ndi Dr Alfred Blalock, amene anafika pa Johns Hopkins mu 1941.

Apa ndiyenera kuima kaye, chifukwa pali munthu wachitatu amene mabuku akale ankamudumpha, ndipo ine sindimudumpha. Dzina lake Vivien Thomas, munthu wakuda, kalipentala amene ankasunga ndalama zoti akaphunzire udotolo koma zinapita ndi mavuto a zachuma amene anayamba mu 1929. Analowa ntchito m'labotale ya Blalock ku Vanderbilt, komwe ankachita opaleshoni pa nyama koma malipiro ake ali a wosesa. Ku Baltimore ndiye anasandutsa maganizo a Mayi Taussig kukhala ntchito ya manja. Anayesera pa agalu pafupifupi 200, kudula mtsempha wopita kudzanja n'kuusokerera pa mtsempha wopita m'mapapo, ndipo zida zina zing'onozing'ono zosokera anachita kudzipangira yekha.

Pa 29 Novembala 1944 anabweretsa kamtsikana ka miyezi 15, kolemera makilogalamu anayi okha. Blalock anagwira mpeni, Thomas anakwera pakampando kumbuyo kwake akumulangiza posoka, Mayi Taussig ali chakumutu kwa mwanayo. Magazi anayamba kufika m'mapapo ndipo mwana uja anasintha khungu. Sanakhalitse ayi, patapita miyezi ingapo kubiriwira kunabwerera ndipo anamwalira atamuchitanso opaleshoni yachiwiri. Koma ana awiri otsatira anachira bwino, ndipo nkhani ya atatuwa itasindikizidwa mu 1945 makolo anayamba kukhamukira ku Baltimore kuchokera m'maiko akutali, ana ali m'manja.

Pankhani yosindikizidwayo panali maina awiri, Blalock ndi Taussig. La Thomas panalibe. Yunivesite inadzamupatsa digiri yaulemu mu 1976, Blalock atamwalira kale zaka 12, ndipo inali digiri ya zamalamulo, osati ya zachipatala. Masiku ano madotolo ambiri amaitchula opaleshoniyi ndi maina onse atatu. Mayi Taussig nawonso sikuti zinawayendera myaa. Buku lawo lalikulu lofotokoza zilema za mtima linatuluka mu 1947, koma upulofesa wathunthu anadzaulandira mu 1959. Ine ndimaona kuti chipatala chimenechi chinkadziwa kukolola, koma poyamika chinali ndi manja olemera.

Mu 1962 anamva kuti ku Germany kukubadwa ana ambiri opanda manja kapena miyendo yokwanira. Anakwera ndege kukadzionera okha, ndipo atabwerako anachenjeza madotolo ndi aphungu a nyumba ya malamulo ya America za mankhwala a thalidomide, omwe amayi oyembekezera ankamwa kuti agone bwino ndiponso aleke nseru. Chaka chomwecho dzikolo linakhwimitsa malamulo oyesera mankhwala atsopano. Mu 1965 anakhala mkazi woyamba kutsogolera bungwe la American Heart Association.

Atapuma pantchito sanakhale pakhonde. Ankafufuzabe za ana awo akale aja, omwe tsopano anali akuluakulu, ndipo chakumapeto anayamba kuyeza mitima ya mbalame pofuna kudziwa chiyambi cha zilema zimenezi. Anamwalira pa ngozi ya galimoto ku Pennsylvania pa 20 Meyi 1986, kutatsala masiku anayi kuti akwanitse zaka 88.