Mbiri ya likodzo kuno ku Mangochi

Lero ndati tikumbutsane mbiri ya likodzo, chifukwa ndi nthenda imene imandithandiza kwambiri kuonetsa m'kalasi mmene matenda amodzi amafikira ziwalo zambiri za thupi.

Kale anthu a m'mbali mwa nyanja ankadziwa likodzo ndi chizindikiro chimodzi basi, kukodza magazi. Ena ankati mnyamata akatero ndiye kuti wakula. Nyongolotsi yake anaitulukira ndi Theodor Bilharz ku Cairo mu 1851, ndipo mu 1915 Robert Leiper anatsimikiza kuti imakulira mu nkhono za m'madzi isanaboole khungu la munthu. Imakhala m'mitsempha ya magazi, koma choononga thupi kwenikweni ndi mazira ake. Mazirawo akakanirira m'chikhodzodzo amasiya zilonda ndi zipsera. Njira ya mkodzo ikatsekeka impso zimatupa, ndipo patapita zaka ena amadwala khansa ya chikhodzodzo.

Alendo ankauzidwa kuti nyanja ya Malawi ilibe likodzo. Zinasintha mu 1992, pamene anthu awiri a Peace Corps anadwala atasambira ku Cape Maclear. Mmodzi matendawa anamufika mu ubongo, mnzake mumsana. Pambuyo pake katswiri wa nsomba Jay Stauffer ndi anzake anaonetsa kuti nkhono zinachuluka ku Chembe pamene nsomba zodya nkhono zinkachepa kaamba ka usodzi wopyola muyeso.

Mu 2017 nkhono ina, yotchedwa Biomphalaria pfeifferi, inapezeka m'magombe a Mangochi. Iyi imafalitsa likodzo la m'matumbo, limene mazira ake amakaunjikana m'chiwindi mpaka chiwindicho kuuma, kapamba kutupa, munthu n'kumasanza magazi. M'zaka zomwezo Dr Sekeleghe Kayuni anapeza mazira a likodzo mu umuna wa asodzi a kuno. Kwa amayi, mazirawa amasiya zilonda m'njira yoberekera, ndipo ena amavutika kutenga pathupi.

Mankhwala a praziquantel, amene anapangidwa m'zaka za m'ma 1970, amapha nyongolotsi koma sachotsa zipsera zakalekale. N'chifukwa chake ndikukupemphani aphunzitsi anzanga kuti tsiku lomwetsa mankhwalawa pasukulu tisamalitenge ngati losokoneza maphunziro. Nanu ophunzira anga akale, ambiri ndinu makolo tsopano. Tsikulo mwana ayambe wadya, kenako abwere adzamwe, ngakhale mkodzo wake ukuoneka woyera.