Maphunziro a Zipembedzo za Dziko Lapansi

Awa ndiwo maphunziro a m'sukulu zaukachenjede amene cholinga chake sindicho kutembenuza munthu mtima kapena kuweruza chikhulupiriro cha mnzake, koma kusanthula mofatsa chiyambi, malemba opatulika, nsembe ndi miyambo ya Ahindu, Abuda, Ayuda, Akhristu, Asilamu ndi makolo a mitundu yonse. Max Müller wa ku Oxford, amene anatsogolera ntchito yomasulira malemba a Kum'mawa m'mabuku 50, ndiye ayesedwa tate wa maphunzirowa, C. P. Tiele anakhala mphunzitsi wa mbiri ya zipembedzo ku Leiden mu 1877, ndipo Ninian Smart anakhazikitsa nthambi ya maphunzirowa ku Lancaster mu 1967. Wophunzira amawerenga malemba opatulika m'zinenero zake, monga Chihebri ndi Chiarabu, nakhala pakati pa opembedza, napenya mapemphero awo mwaulemu, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.