Mbale ya ku Persia pa Zimbabwe Wakale

Amayi athu kuno ku Guilleme akaumba mtsuko amausalaza ndi nkhulungo, nauwotcha poyera ndi nkhuni. Mtsukowo umachita thukuta, n'chifukwa chake madzi ake amazizira. Amisiri a mumzinda wa Kashan ku Persia, dziko limene lero likutchedwa Iran, ankaumba mwa njira ina.

Mmodzi wa iwo, Abu'l-Qasim, analemba mu 1301 kuti ankatenga magawo khumi a mwala woyera wosinja, gawo limodzi la galasi losinja, ndi limodzi la dongo loyera. Ataumba mbale ankaikuta ndi phala la galasi, naiwotcha m'ng'anjo. Tsono ankajambulapo mbalame, maluŵa ndi mawu ndi mankhwala a siliva ndi mkuwa, naibwezeranso m'ng'anjo yodzaza utsi. Poipukuta, mbaleyo inkaŵala ngati golide, chonsecho munalibe golide ndi pang'ono pomwe.

Nanga ife zikutikhudza bwanji? Zombo zoyenda ndi mphepo ya panyanja zinkabweretsa mbale zonyezimira za ku Persia ku Kilwa, pagombe la Tanzania. Amalonda a ku Kilwa ankagula golide ndi minyanga ku Sofala, ndipo golideyo ankachokera kumtunda, ku Zimbabwe. M'mabwinja a miyala a Great Zimbabwe munapezeka zidutswa za mbale ya ku Persia ya zaka za m'ma 1200 kapena 1300, yolembedwa zilembo za Chiarabu.

Azungu oyamba kuona malinga aja ankakana kuti munthu wakuda angamange zotere. Ankati anamanga ndi alendo a nthaŵi ya Mfumu Solomoni. Bodza limeneli linkawakomera Azungu amene anadzalanda dzikolo. Koma David Randall-MacIver mu 1905, ndi Gertrude Caton-Thompson mu 1929, anayang'ana mbale zakunja zimene zinali m'nthaka pamodzi ndi mapale a eni dziko. Zaka za mbalezo zinkadziŵika, ndipo zinasonyeza kuti mzindawo unamangidwa zaka zoposa 2,000 Solomoni atamwalira, ndi makolo a Ashona.

Kwathu kuno, pa Mankhamba pafupi ndi Mtakataka, likulu la Kalonga wa Amaravi, Dr Yusuf Juwayeyi anafukula mikanda yagalasi ya kutsidya kwa nyanja ndi zidutswa za mbale za ku China, zitagona pakati pa mapale ndi zoduladula za minyanga ya njovu.