Dimba la ndiwo lomwe linameza dziko

Pakatikati pa mzinda wa Cape Town pali paki yotchedwa Company's Garden, momwe agologolo amalandira mtedza m'manja mwa alendo. Ambiri opumulira m'menemo sadziwa kuti akuponda pa dimba lakale la ndiwo, lomwe ndiye gwero la dziko la atsamunda la Cape Colony.

Pa 6 Epulo 1652, Jan van Riebeeck anakocheza ku Table Bay ndi sitima zitatu. Anatumidwa ndi kampani ya Adatchi ya VOC, yomwe inkachita malonda a zokometsera zakudya ku Asia. Ulendo wa kumeneko unkadya miyezi yambiri, ndipo amalinyero ankafera panyanja ndi nthenda yotupitsa nkhama chifukwa chosowa masamba ndi zipatso. Ntchito ya Van Riebeeck inali yochepa: kumanga linga, kulima dimba, kutunga madzi ndi kugula nyama kwa eni dziko, Akhoikhoi, omwe anali akatswiri oweta ng'ombe ndi nkhosa.

Poyamba malonda ankayenda. Ng'ombe inkasinthanitsidwa ndi mkuwa, fodya kapena mikanda. Koma mlimi wa ziweto sagulitsa khola lonse, ndipo Adatchi anaona kuti nyama ikuperewera. Mu 1657 kampani inamasula antchito ake ena n'kuwapatsa minda m'mbali mwa mtsinje wa Liesbeek, komwe kunali msipu wa Akhoikhoi. Mu 1659 nkhondo inabuka.

Itatha nkhondoyo, Van Riebeeck anadzala mpanda wa mitengo yowirira kuti ukhale malire. Chigawo cha mpandawo chikadalipo mpaka lero ku Kirstenbosch, nthambi zake zitapiringizana ngati mizu.

Minda inafuna manja. Mu 1658 sitima ya Amersfoort inatsitsa gulu loyamba lalikulu la akapolo, ambiri a iwo ana a ku Angola olandidwa m'sitima ya Apwitikizi. Pambuyo pake ena anagwidwa ku Madagascar, India, zilumba za Indonesia ndi Mozambique. Ndiwo ankalima tirigu ndi mphesa za ku Stellenbosch, mudzi womwe Simon van der Stel anakhazikitsa mu 1679. Mu 1688 kunabweranso Afalansa othawa chizunzo cha chipembedzo, n'kukakhala ku Franschhoek. Kenaka nthomba ya mu 1713 inapulula Akhoikhoi, ndipo otsala ambiri anasanduka antchito pa nthaka ya makolo awo.

Angerezi analowerera chifukwa cha nkhondo za ku Ulaya. Poopa kuti Afalansa angatseke njira ya ku India, analanda Cape mu 1795 atagonjetsa Adatchi ku Muizenberg. Anaibweza mu 1803, n'kuilandanso mu 1806 pa nkhondo ya Blaauwberg, ndipo pangano la mu 1814 linaisiya m'manja mwawo. Mu 1820 anatumiza mabanja a Angerezi, anthu pafupifupi 4,000, kukakhala kum'mawa, komwe Axhosa ankamenyera nkhondo malo awo.

Ukapolo utathetsedwa pa 1 Disembala 1834, omasulidwawo anakakamizidwa kugwirabe ntchito kwa mabwana awo zaka zina zinayi. Mabunu ambiri, omwe anali alimi ochokera mwa Adatchi aja, anakwiya ndi malamulo atsopanowa, nakweza katundu pa ngolo za ng'ombe kulowera kumpoto.

Miyala ya dayamondi, yomwe inayamba kupezeka mu 1867, inasintha zonse. Migodi ya dayamondi ya ku Kimberley inalemeretsa Cecil Rhodes, yemwe anakhala nduna yaikulu ya Cape mu 1890. Kampani yake ya British South Africa Company ndiyo inkapereka mapaundi 10,000 pachaka kwa Harry Johnston poyendetsera boma lachitsamunda ku Zomba.

Pa 31 Meyi 1910, Cape Colony inaphatikizidwa ndi Natal, Transvaal ndi Orange River Colony n'kupanga Union of South Africa. Nyumba ya malamulo ya South Africa ili m'mphepete mwa dimba lomwe lija.