Chikole cha Mwini Hotela ndi Ngongole za Alendo ku England

Kuyambira kalekale, malamulo a ku England ankakakamiza mwini nyumba yogona alendo kulandira wapaulendo aliyense malinga ngati malo alipo, ndipo popeza sankaloledwa kusankha anthu, anapatsidwa ufulu wogwira katundu wa mlendo ngati chikole mpaka ngongole itabwezedwa. Ufuluwu unali woperewera, chifukwa katunduyo sankaloledwa kumugulitsa, ndipo hatchi yogwidwa inkangomuthera chakudya tsiku ndi tsiku. Lamulo la 1878 ndilo linalola kugulitsa katundu wotere pa okushoni pakatha milungu 6, atayamba walengeza m'nyuzipepala.

Vuto lalikulu linabwera pamene wolipira anasiya kukhala mlendo amene wagona m'chipindamo. Mu 1868 kampani ya Thomas Cook inayambitsa makuponi, omwe anali timapepala timene wapaulendo ankagula pasadakhale n'kukapereka kuhotela, hotelayo n'kudzalandira ndalama zake kukampaniko pambuyo pake. Kulipira mochedwa kotereku kunazika mizu, moti kampaniyi itagwa pa 23 September 2019, mahotela ambiri a ku Greece, Turkey, Spain ndi Tunisia anatsala osalipidwa ndalama za miyezi ingapo, ndipo chowawitsa mtima n'chakuti analibe chikole choti agwire, popeza alendowo anali atalipira kale kwawo.